Kulemera kwa Mpweya ndi Madzi m'Mbiri ya Usodzi wa ku Utonga

Gombe la boma la Nkhata Bay silofanana monse, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kwakhala kukulamula kasodzedwe ka anthu a m'derali kwa mibadwo yambiri. Kummwera, cha ku Kande, Bandawe ndi Chintheche, kuli mchenga wautali ndipo madzi amanka nazama pang'onopang'ono, pamene kumpoto, cha ku Usisya ndi Ruarwe, mapiri amagwera m'nyanja mwachindunji ndipo phompho limene maso amaona pamtunda limapitirira pansi pa madzi. Malo ozama kwambiri a nyanja ya Malawi, ofika mamita pafupifupi 700, ali kumpoto kwa tauni ya Nkhata Bay kufupi ndi gombe lakumadzulo lomweli, ndipo popeza pamwamba pa nyanjayi pali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, pansi pake penipeni pali mamita oposa 200 kunsi kwa mulingowo. Msodzi wa kuno sanakhalepo ndi mwayi wonyalanyaza kuzama. Bwato lake, ukonde wake, nyali yake ndi nsomba imene amavuula zonse zimamvera lamulo limodzi la chilengedwe, lomwe ndi kukanikiza kwa mpweya ndi madzi, ndipo mbiri ya ntchito yake ingawerengedwe ngati mbiri ya mmene anaphunzirira kugwira ntchito ndi mphamvu imeneyi asanaimve m'kalasi iliyonse.

Kukanikiza, monga akufotokozera akatswiri a fizikisi, ndi mphamvu imene chinthu chimatsamira nayo pa malo a kukula kodziwika, kotero kuti katundu yemweyo amakanikiza kwambiri akatsamira pa malo aang'ono kusiyana ndi akatsamira pa malo otakasuka. Mpweya umene wazinga dziko lapansi uli ndi kulemera kwake, ndipo m'mphepete mwa nyanja zamchere umatsamira ndi mphamvu yofanana ndi kilogalamu imodzi pa kamalo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, mulingo umene umatchedwa atimosifiya imodzi. Pa chikhatho cha munthu wamkulu mphamvuyi ikufanana ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, koma munthu saimva chifukwa mpweya umakanikiza kuchokera mbali zonse ndipo madzi ndi mpweya za m'thupi zimabwezera ndi mphamvu yofanana. Woyamba kupima kulemera kumeneku anali Evangelista Torricelli wa ku Italy, amene mu 1643 anadzaza chubu chagalasi ndi mekyuli, chitsulo chamadzimadzi cholemera kuposa madzi nthawi zoposa 13, nachizondotsa m'mbale, ndipo anapeza kuti mpweya wakunja umagwiriziza mekyuliyo pa msinkhu wa masentimita pafupifupi 76. Chipangizo chimenechi ndicho barometa. Mu 1648, mwa pempho la Blaise Pascal, mlamu wake Florin Périer anakwera nacho phiri la Puy de Dôme ku France ndipo mekyuliyo inatsika pamene iye ankakwera, umboni wakuti pamwamba pa phiri pamakhala mpweya wochepa wotsamira munthu. Aliyense wotsika msewu wochokera ku Mzuzu kudzera ku Mpamba amabwereza kuyesa komweko ndi makutu ake, pakuti mpweya wa ku Mzuzu, pa mamita oposa 1,200, ndi wopepuka kusiyana ndi wa kunyanja ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo khumi, ndipo botolo lapulasitiki lopanda kanthu lotsekedwa kumtunda limafika kugombe litafinyika.

M'madzi nkhaniyi imakula msanga, chifukwa madzi amalemera kuposa mpweya nthawi pafupifupi 800. Mamita 10 aliwonse amene chinthu chatsika amawonjezera atimosifiya ina imodzi, kotero kuti pa mamita 10 chimakanikizidwa kawiri poyerekeza ndi pamwamba, pa mamita 30 kanayi, ndipo pansi pa malo ozama kwambiri aja, dzenje la ku Usisya, nthawi pafupifupi 70. Madziwo payokha safinyika kwenikweni, koma mpweya uliwonse wotsekeredwa m'kati mwa chinthu chofewa umafinyika, ndipo Robert Boyle anasonyeza mu 1662 kuti kukanikiza kukawirikiza kawiri, mpweya umatenga theka la malo amene unali nawo, malinga ngati kutentha sikunasinthe. Chotsatira cha lamuloli, chomwe chili chofunika kwambiri pa nkhani ya nsomba ndi anthu omira pansi, n'chakuti kusintha kwakukulu kumachitika pafupi ndi pamwamba: mpweya wokwera kuchoka pa mamita 10 kufika pamwamba umafufuma kawiri, pamene wokwera kuchoka pa mamita 100 kufika pa 90 umangofufuma pang'ono chabe.

Chida choyamba cha msodzi wachitonga chinali bwato losema kuchokera ku thunthu limodzi la mtengo waukulu monga mbawa, ndipo kuyandama kwake kumachokera pa kusiyana kwa kukanikiza kumene kwafotokozedwaku. Madzi a kunsi kwa bwato amakankhira m'mwamba mwamphamvu kuposa mmene mpweya wa m'kati mwake ukukankhira pansi, ndipo mphamvu yotsalayo imafanana ndendende ndi kulemera kwa madzi amene bwatolo lawachotsa pamalo pawo, monga anafotokozera Archimedes wa ku Syracuse zaka zoposa 2,200 zapitazo. Mmisiri wosema bwato ankasiya matabwa a pansi okhuthala nachepetsa a m'mbali, kuti kulemera kukhale m'munsi ndipo bwato likapendekeka libwerere lokha, ndiponso ankadziwa kuti mng'alu wa pansi umalowetsa madzi mofulumira kuposa wa m'mbali ngakhale kukula kwake kuli kumodzi. Ukonde nawonso unali chida cholinganiza kulemera ndi kuyandama. Asodzi ankapota ulusi wake kuchokera ku luzi la zitsamba monga chopwa, namanga timitengo topepuka ku chingwe chapamwamba ndi miyala ku chingwe chapansi, ndipo kuchuluka kwa timitengo poyerekeza ndi miyala ndiko kunkagamula ngati ukondewo udzalendewera pamwamba, pakati kapena kukhala pansi penipeni. Luso limeneli linali la moyo ndi imfa m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, pamene nkhondo za Angoni a Mbelwa zinapanikiza Atonga m'malinga a m'mphepete mwa nyanja, monga la Mankhambira kufupi ndi Chintheche, kumene anthu ambiri ankadalira chinangwa ndi nsomba basi. Kondowole ndi usipa, zomwe lero anthu amazitchula monyadira ngati chakudya cha kwawo, zinakhazikika m'nthawi yovuta ngati imeneyo.

Alendo oyamba a ku Ulaya anadabwa ndi kuzama kumene eni dera ankakudziwa kale. Mu 1861 David Livingstone, mng'ono wake Charles ndi John Kirk anayenda pa boti kutsata gombe lakumadzulo mpaka kudera lino, ndipo cha kufupi ndi kumene kuli Nkhata Bay anaponya chingwe cha mamita oposa 200 chimene sichinafike pansi. Sitima yoyamba yoyendera nthunzi, Ilala, inafika pa nyanja mu 1875, ndipo mu 1881 Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe kuchokera ku Cape Maclear. Sitima zimenezi zinabweretsa kukanikiza kwa mtundu wina, kwa nthunzi yotsekeredwa m'thanki yachitsulo imene inkakankha makina, ndipo popeza moto wake unali wa nkhuni, m'madoko a m'gombe muno munkaunjikidwa nkhuni zodikira sitima. Atonga ambiri, amene anali ena mwa oyamba kudziwa kulemba ndi kuwerenga chifukwa cha sukulu za Bandawe, analembedwa ntchito ndi African Lakes Company, ndipo pambuyo pake anayamba ulendo wa ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, umene unadzasintha usodzi wa kwawo m'njira imene palibe ankaiyembekezera.

Chimene msodzi amaopa kwambiri pa nyanja ndi mphepo, ndipo mphepo ndi mpweya umene ukuchoka kumene wakanikizana kwambiri kupita kumene uli wopepuka. M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi kufikira mu Ogasiti kapena Seputembala, mpweya wolemera umaunjikana kummwera kwa Africa ndi pa nyanja ya Indian, ndipo pothamangira kumpoto umalowa m'chigwa cha nyanja ya Malawi chimene chatambalala kuchokera kummwera kupita kumpoto makilomita oposa 550 pakati pa mapiri. Umenewu ndiwo mwera. Popeza mafunde amakula malinga ndi utali wa madzi amene mphepo yawombapo, gombe la Nkhata Bay ndi la kumpoto kwake limalandira mafunde amene asonkhanitsa mphamvu mtunda wautali, ndipo mwera ukakwiya asodzi amakoka mabwato awo pamtunda masiku angapo. M'nyengo yamvula mphepo imatembenuka n'kukhala mpoto, yomwe kawirikawiri ndi yofatsa koma imadza ndi namondwe wadzidzidzi. Ngozi yaikulu kwambiri m'mbiri ya nyanjayi inachitika m'nyengo ya mwera: pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya inagubuduka ndi kumira kufupi ndi Florence Bay, kumene lero ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ilala yachiwiri, yomangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba ntchito mu 1951, ndipo kwa anthu a ku Usisya ndi Ruarwe, kumene msewu ndi wovuta, yakhala njira yodalirika yotumizira nsomba ndi kulandira katundu. Machenjezo a mwera amene nthambi ya boma yoona zanyengo imaulutsa pa wayilesi masiku ano amachokera pa kuwerenga mabarometa ambiri nthawi imodzi, pakuti kusiyana kwa kukanikiza pakati pa malo awiri kukakula, mphepo ya pakati pawo imakulanso.

Ntchito ya mwera simathera pamwamba. Madzi a nyanja ya Malawi ali m'magawo osanjikizana, ofunda ndi opepuka pamwamba, amene kutentha kwake kumasintha pakati pa madigiri 24 ndi 28 malinga ndi nyengo, ndi ozizira ndi olemera pansi, amene amakhala pafupi ndi madigiri 23 chaka chonse. Kusiyana kwa kulemera kwa magawowa n'kochepa zedi, koma n'kokwanira kuletsa madzi apansi kukwera, ndipo chifukwa cha ichi madzi a kunsi kwa mamita 200 mpaka 250 sakumana ndi mpweya wakunja ndipo alibe okosijeni, mpweya umene zamoyo zimapuma. Apa pali mfundo imene imasokonezedwa kawirikawiri: nsomba sizisowa pansi pa dzenje la ku Usisya chifukwa cha kukanikiza kwa madzi, pakuti m'nyanja zamchere muli nsomba zokhala pa mamita zikwi zingapo, koma chifukwa kulibe chopuma. Mwera ukawomba masiku ambiri umakankhira madzi ofunda kumpoto, kumene amaunjikana ndi kukanikiza madzi ozizira a pansi pake, ndipo ozizirawo amathawira kummwera nakwera chapamwamba atanyamula michere imene inamira ndi zamoyo zakufa. Mphepo ikaleka, malire a magawo awiriwa amapendekera uku ndi uku kwa masabata angapo asanakhazikike. Michere yokwerayo imadyetsa ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso, nderezo zimadyetsa tizilombo tam'madzi, ndipo tizilomboto timadyetsa usipa, kotero kuti mphepo yomweyo imene imatsekera msodzi pamtunda ndi imene imakonza nsomba za miyezi yotsatira. R. S. A. Beauchamp anayamba kupima zimenezi mu 1939, chaka chomwe Ethelwynn Trewavas ndi anzake anachita kafukufuku wa usodzi ndi nsomba za nyanjayi, ndipo mu 1954 ndi 1955 gulu la Joint Fisheries Research Organization, la P. B. N. Jackson, T. D. Iles, D. Harding ndi Geoffrey Fryer, linakhazikika ku Nkhata Bay kufufuza mbali yakumpoto ya nyanja.

Ofufuzawa anapeza asodzi a m'derali akugwiritsa ntchito chilimira, ukonde waukulu wapakati pa madzi umene suguza pansi ndiponso sukokedwera kugombe. Malipoti a zausodzi amanena kuti ukondewu unafika pa chilumba cha Likoma m'zaka za m'ma 1870 ndi amalonda ochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo kuchokera kumeneko unawolokera ku Utonga, kumene unakwanira bwino chifukwa gombe lozama msanga silimalola khoka lokokera pamchenga. Chilimira chimaponyedwa ndi mabwato awiri pafupi ndi virundu, yomwe ndi miulu ya miyala yotumphuka kuchokera pansi pa nyanja koma yosafika pamwamba, kumene utaka umasonkhana moyang'anizana ndi madzi oyenda kudikira tizilombo tobwera nawo. Asodzi amapeza chirundu chosaoneka mwa kulunjika mapiri ndi mitengo ya pamtunda, amawerenga kumene madzi apansi akuloza, ndipo amatalikitsa kapena kufupikitsa zingwe kuti ukonde utsike pa kuzama kumene nsomba zili. Imeneyi ndi sayansi yopima ndi kuyesa, yosungidwa m'mitu ya anthu. Ulusi wa nayiloni utafika m'zaka za m'ma 1950, maukonde anakula ndi kulimba, ndipo kuzama kumene msodzi angafikeko kunawonjezeka.

Kuzama kukawonjezeka, lamulo la Boyle limayamba kuonekera m'bwato momwemo. Nsomba zambiri zili ndi kathumba kampweya m'mimba cha kumsana, kamene kamachititsa kulemera kwa thupi lonse kufanana ndi kwa madzi, kotero kuti nsomba imaima pamalo amodzi osamira kapena kuyandama. Mwa nsomba za banja la chambo, utaka, mbuna ndi ndunduma, kathumbaka n'kotsekeka, ndipo mpweya umalowa ndi kutuluka pang'onopang'ono kudzera m'magazi. Nsomba yotere ikavuulidwa mwamsanga kuchokera pa mamita 40, kumene kukanikiza kuli maatimosifiya asanu, mpweya wa m'kathumba umafuna malo ochuluka kasanu, ndipo imafika pamwamba itatupa mimba, maso atatong'oka, nthawi zina chifu chitatulukira kukamwa, ndipo ngakhale itabwezedwa m'madzi imangoyandama chagada. Msodzi wa matchera kapena mbedza za pansi amaona zimenezi kawirikawiri, ndipo amazindikira kuzama kumene nsomba yachokera pongoiyang'ana. Usipa uli m'banja lina, la mpasa ndi nchila, limene kathumba kake kali ndi kanjira kolumikizana ndi kummero, ndipo kanjirako kamaulola kutaya mpweya wochuluka pamene ukukwera.

Usipa ndiwo unabweretsa m'manja mwa msodzi chida chimene ntchito yake yonse inali kukanikiza. Kuyambira kale anthu ankadziwa kuti kansombaka kamatsata kuwala usiku wopanda mwezi, ndipo ankakakopa ndi miuni ya udzu kapena bango yoyaka pa mutu wa bwato n'kukatunga ndi kaukonde ka m'manja, koma muuni umatha msanga, umazima ndi mphepo ndipo kuwala kwake sikulowa patali m'madzi. Nyali yopopa ya palafini, imene kampani yopanga nyali za Petromax inayamba kupanga ku Berlin cha mu 1910 ndipo ya Tilley ku England patapita zaka zochepa, inasintha zonsezi itafala pa nyanja m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1900, ndipo pambuyo pake nyali zotsika mtengo zopangidwa ku China zinaifikitsa kwa asodzi ambiri. Kagwiridwe kake ka ntchito n'koyenera kukafotokoza mokwanira. Thanki yake imathiridwa palafini osadzaza, ndipo kapampu ka pambali kamalowetsa mpweya m'malo otsalawo mpaka kukanikiza kwa m'kati kuposa kwa kunja kawiri kapena kupitirirapo. Mpweya wopanikizikawo umatsamira pa palafini, ndipo monga anasonyezera Pascal, kukanikiza kumene kwaikidwa pa zamadzimadzi zotsekeredwa kumafalikira mofanana mbali zonse, kotero kuti palafini amakwera m'kachubu kopapatiza kolunjika pakati pa moto. Kachubuko kamayamba katenthedwa ndi sipiriti, kuti palafini akafike pamwamba atasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imatuluka mwaliwiro pa kabowo kochepa kwambiri, imakoka mpweya wakunja n'kusakanikirana nawo, kenaka imayaka m'kati mwa kansalu kosalimba konyikidwa m'mankhwala, kamene Carl Auer von Welsbach wa ku Austria anatulukira m'zaka za m'ma 1880. Kansaluko ndiko kamawala mbee, kuwala kofanana ndi makandulo mazana angapo. Palafini akamachepa, malo a mpweya m'thanki amakula, kukanikiza kumatsika ndipo nyali imayamba kufiira, ndiye chifukwa chake wosamala nyali amapopanso kangapo usiku umodzi ndi kutokosa kabowo kaja ndi kasingano kuti mwaye usakatseke.

Nyali itakumana ndi chilimira panabadwa kasodzedwe ka kauni, ndipo panabadwanso udindo watsopano, wa siginala, munthu amene amakhala yekha m'kabwato kakang'ono kokhala ndi nyali zingapo, kufunafuna usipa, kuusonkhanitsa pansi pa kuwala ndi kuutsogolera pang'onopang'ono m'kamwa mwa ukonde umene mabwato awiri aakulu autambasula. Siginala wabwino amadziwa nthawi yochepetsa kuwala kuti nsomba zikwere ndi kuundana, amamva kusintha kwa mphepo kusanafike, ndipo gawo lake pa nsomba zogwidwa limaposa la ogwira zingwe. Koma kauni inafuna chuma chimene muuni wa udzu sunkafuna, pakuti ukonde, nyali, magalasi, tinsalu tosweka ndi funde limodzi ndi palafini wa usiku uliwonse zonse zinali zogula, ndipo ndalama za anthu obwerera kuchokera ku migodi ndi m'mizinda ya kummwera, ulendo umene J. van Velsen anaufotokoza m'buku lake la 1964 lonena za Atonga a m'mphepete mwa nyanja, zinali imodzi mwa njira zopezera zida zotere. Mwini zida ndi wogwira ntchito anakhala anthu awiri osiyana. Wofufuza wa ku Japan Setsuko Nakayama, amene anakhala pakati pa asodzi achitonga nafalitsa zofufuza zake mu 2008, anaunika mmene nyali za pa nyanja zinalukirana m'maganizo a asodziwa ndi magetsi a m'mizinda imene abale awo ankapitako. Asodzi omwewa anatenga chilimira ndi nyali zawo n'kukakhazikika m'madoko a kummwera kwa nyanja monga Msaka, ndipo kasodzedwe kamene kanakulira ku Utonga kanakhala ka nyanja yonse, mpaka usipa unaposa nsomba ina iliyonse pa kuchuluka kwa zogwidwa m'dziko muno.

Pali cholengedwa chimodzi cha m'nyanjayi chimene chimadutsa malire a madzi opanda okosijeni tsiku ndi tsiku, ndicho mphutsi za nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi ngati utsi wakuda, makamaka mwezi ukakhala mu mdima, ndipo anthu a m'gombe muno amatikola ndi malichero kapena madengu n'kutiumba timitanda todyera nsima, monga Livingstone anaonera mu 1861. Mphutsi zake n'zoonekera m'kati, zili ndi timatumba tampweya tiwiri cha kumutu ndi tiwiri cha kumchira, ndipo masana zimatsikira pa mamita 200 kapena kuposerapo kumene nsomba sizingazitsate, usiku n'kukwera kudzadya. Kathumba kofewa ngati ka nsomba kakadafinyika nthawi zoposa 20 pa ulendo woterewu, koma timatumba ta mphutsizi tili ndi zipupa zolimba, ndipo ofufuza a ku University of British Columbia anasonyeza mu 2022, pa mphutsi za mtundu wapachibale, kuti zipupazo zimafufuma kapena kukhwinyata malinga ndi mmene mphutsi yasinthira asidi wa m'kati mwake. Mphutsi zimenezi zimapikisana ndi usipa pa chakudya chimodzi, ndipo zokha zimadyedwa ndi utaka, ndunduma ndi nkholokolo.

Anthu nawonso anayamba kutsika. Anyamata a m'gombe muno akhala akumira ndi mpweya wa m'mapapo mwawo kukamasula ukonde wokodwa pa mwala, ndipo kupweteka kwa makutu kumene amamva pa mamita ochepa ndi madzi akukankha nembanemba ya m'khutu, kumene kumatha munthu akameza malovu kapena akatsina mphuno n'kuuzira mpweya m'kati. Zida zopumira pansi pa madzi, zimene Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga mu 1943, zinafika pa nyanja ino pamodzi ndi malonda a nsomba zokongola zoweta m'magalasi, amene anayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo Stuart Grant anawakulitsa ku Salima kuyambira m'ma 1970. Miyala ya gombe lino inatchuka m'maiko akunja: Fryer anafotokoza Labidochromis caeruleus kuchokera ku Nkhata Bay mu 1956, chilumba cha Kande chinapereka dzina kwa Aulonocara kandeense, ndipo oweta nsomba ku Germany ndi ku America amadziwa dzina la Usisya chifukwa cha nsomba yachikasu ya kumeneko. Amalawi ogwira nsombazi anaphunzira kuzikweza pang'onopang'ono m'migolo yolendewera pa chingwe, nthawi zina kwa masiku angapo, kuti kathumba kake kasaphulike. Iwo eni ali pa chiopsezo china, pakuti munthu wopuma mpweya wopanikizika amasungunula nayitirojeni wambiri m'magazi, ndipo akakwera msanga mpweyawo umatuluka ngati thovu m'mitsempha ndi m'mfundo za mafupa, zomwe zingapuwalitse kapena kupha. Malamulo a kakweredwe ka pang'onopang'ono amene John Scott Haldane anakonza mu 1908 anawerengedwa pa mulingo wa nyanja zamchere, ndipo pa nyanja ya Malawi amafunika kukhwimitsidwa chifukwa mpweya wodikira munthu pamwamba ndi wopepukirapo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2010 nyali yopopa yakhala ikuzimirira, ndipo m'malo mwake mwalowa mababu a LED oyendera batire, amene safuna palafini kapena kansalu ndipo sazima ndi mphepo. Phindu lake kwa msodzi n'losakayikitsa, ngakhale kuti luso lokonza pampu, kusintha chikopa chake ndi kuyatsa nyali pa funde likupita ndi akuluakulu amene analidziwa. Kuwala kotsika mtengo pamodzi ndi mainjini a boti kwachulukitsa mabwato ndi kuwatengera kutali ndi gombe, kumene mwera ukayamba palibe pothawira pafupi, ndipo maukonde akutsikira ku ndunduma ndi ncheni, nsomba zapakati pa nyanja zimene kafukufuku wa UK ndi SADC wa ku Senga Bay anasonyeza, m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, kuti zilipo zambiri. Malire a kutsika kumeneku ali pamene okosijeni athera, ndipo gawo lokhala ndi nsombalo limadalira michere yochokera pansi imene mwera ndi kuzizira kwa m'chisanu zimakweza. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2005, woyerekeza zopima za Beauchamp ndi za pambuyo pake, anapeza kuti madzi apansi afunda ndi madigiri pafupifupi 0.7 m'zaka 60, chizindikiro chakuti madzi ozizira a pamwamba sakumira kukasakanikirana ndi apansi monga kale, ndipo kusakanikirana kumeneko kukachepa, michere yodyetsa chakudya cha usipa imatsalira kunsi kwa kuzama kumene chilimira chimafika.